Mmene Amayi Anaiwalira Abambo

Chaka chimenecho ndinali nditamaliza kukoleji, ndikukhala pakhomo pa makolo ku Area 25, ndikudikira ntchito yomwe sinkabwera. Ntchito yanga yeniyeni inali kusesa, kupatsa galu chakudya ndi kupita kumsika kukaikitsa mafilimu mu fulashi. Kuseri kwa ogulitsa makala kunali kashopu ka anyamata omasulira mafilimu achizungu m'Chichewa. Kumasulira kwake kunali kwa dzina chabe. Mzungu akangoti moni, womasulirayo ankamuyankhulitsa za kudula kwa feteleza, za apongozi ake ndi za mvula yomwe yachedwa. Ife tinkakonda zomwezo. Filimu yopanda womasulira tinkaiona ngati ndiwo zopanda mchere.

Loweruka lina masana magetsi atayaka, ndinaika filimu yachikondi yoseketsa. Amayi anakhala pamkeka akusadzula nkhwani. Abambo anali pampando wawo, nyuzipepala itawaphimba kumaso. Iwo ankati saonera zinthu zopanda pake, koma nyuzipepalayo inkatsika pang'onopang'ono mpaka magalasi kuonekera pamwamba pake.

Nkhani ya filimuyo inali ya mayi wina wachizungu yemwe mwamuna wake anali atasiya kumusamala. Tsiku lina mayiyo anagwa pahatchi, nadzuka m'chipatala ataiwala kuti anakwatiwapo. Mwamuna uja anayenera kuyambiranso kufunsira. Anagula maluwa, anayimba pazenera, anaphika mazira mpaka khitchini kufuka utsi, ndipo kumapeto anathamanga pamvula akulira ngati mwana wosiyidwa pamsika. Womasulira uja ankangofuula kuti, "Thamanga mdala, thamanga! Katundu ukamutaya ndi pomwe umadziwa mtengo wake!"

Filimu itatha, Abambo anapinda nyuzipepala.

"Ndiye maluwawo amadya?" anafunsa motero.

Maso a Amayi anali pa tivi pomwe pankadutsa mayina a azungu. Nkhwani zinali zitawathera m'manja kalekale.

Abambo anga ndi a ku Rumphi. Anabwera ku Lilongwe ali mnyamata, nagwira ntchito ya ukalaliki m'boma mpaka kupuma, ndipo nthawi imeneyo anali mkulu wa mpingo. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, wosagona kunja. Koma mawu okoma m'kamwa mwawo munalibe. Mkazi wawo sankamutchula dzina. Ankangoti "inu", kapena akafuna tiyi ankangotsokomola. Amayi, omwe kwawo ndi ku Dowa, ndi munthu wokonda kuseka ndi kuvina, ndipo anali atakhala zaka zonsezo akumasulira chitsokomolo.

Patangopita milungu ingapo, mvula ili mkati, Amayi anaterereka pa ndere pamalo ochapira kuseri kwa nyumba, namenyetsa mutu pakhoma la bafa. Kugwako kunali kwenikweni, ndinakuona ndi maso anga. Tinawanyamula pa galimoto ya aneba kupita nawo kuchipatala. Dokotala anaona chotupa pachipumi, nawayatsira katochi m'maso, n'kunena kuti palibe choopsa. Anangotiuza kuti tikaona kuti akusanza kapena kusokonezeka mutu tibwerenso.

Mawu akuti kusokonezeka mutu Amayi anawamva bwino lomwe. Ndinaona maso awo akuyenda.

Abambo anafika mochedwerapo chifukwa anali kumsonkhano wa akulu a mpingo. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja.

"Inu, mwatani? Ndinanena kale kuti ndere zija zipalidwe."

Amayi anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe, kodi bambo awa ndi ndani?"

Abambo anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu wina. Kunalibe.

"Amayi, si Abambo awa," ndinatero ine.

"Abambo ake a ndani?"

"Anga. Amuna anu."

"Ine?" Amayi anakoka chitenje n'kudziphimba mpaka m'khosi. "Ayi, pepani bambo, mwina mwasochera wodi."

Dokotala anawafunsa mafunso. Dzina lawo ankalidziwa, kumudzi kwawo ankakudziwa, ine ankandidziwa, mchimwene wanga wa ku Mzuzu ankamudziwa. Anakanda kumutu dokotalayo, nati mutu wa munthu ndi chinthu chovuta, tipite kunyumba tikawaonerere, mwina zibwerera zokha.

Kunyumba Amayi analowa ngati mwini nyumba. Anaitana galu dzina lake, anakalipira aneba chifukwa cha nkhuku zawo zomwe zinafukula mpiru, anapeza machesi pomwe anawabisa. Munthu mmodzi yekha ndi yemwe anafufutika. Itakwana nthawi yogona anatenga bulangete lawo n'kulowa kuchipinda kwanga.

"Ine ndine mkhristu," anatero Abambo akumva. "Sindingagone chipinda chimodzi ndi mwamuna wachilendo."

Masiku awiri oyamba ndinada nkhawa ndithu. Koma m'mawa wina ndinalowa kuchipinda osagogoda, ndipo ndinawapeza atagona chagada, mwendo pamwamba pa unzake, akudya mtedza wokazinga uku akuseka okha. Atandiona anasintha nkhope msangamsanga, koma anachedwa.

"Amayi," ndinanong'ona, "zija za mufilimu zija?"

"Filimu yake iti?"

"Musatero. Ndikuwauza Abambo."

Anadzuka n'kukhala tsonga, nandiloza ndi chala chamafuta a mtedza.

"Ungoyerekeza, ndikuiwala nawenso. Uone komwe uzidya."

Kenako anandikokera pabedi, nayankhula motsitsa mawu. "Tamvera. Bambo ako aja anandifunsira ngati akulemba munthu ntchito. Chilowereni m'nyumba muno sanandiuzepo kuti ndatchena. Ndikufuna ndione ngati angathamange pamvula. Ndikaona, ndichira."

Ndinalowa chiwembu tsiku lomwelo, osati chifukwa choopa njala yokha. Nanenso ndinkafuna kuona.

Abambo anayamba nkhondoyi monga kalaliki. Anachotsa pakhoma chithunzi cha ukwati wawo, nachipukuta fumbi, n'kubwera nacho pakhonde pomwe Amayi ankaothera dzuwa.

"Taonani apa. Umboni ndi uwu."

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mkaziyu ndine, sindikukana. Taonani chiuno. Koma mwamunayu ali ndi tsitsi."

Abambo anadzisisita dazi, nabwerera m'nyumba.

Tsiku lotsatira, Amayi akugona masana, Abambo anandiitana kuseri kwa khitchini. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna kugula kachasu.

"Kachinthu kaja uli nako?"

"Kati, Abambo?"

"Kaja umalowetsa mu tivi. Ndikufuna ndione za mzungu uja. Osati kuti ndikukhulupirira. Ndikufuna ndimve mbali ya zachipatala."

Anaonera okha, mawu atatsitsa, chitseko atatseka. Ndinasuzumira pazenera. Mkulu wa mpingo anali atakhala kutsogolo kwenikweni kwa mpando, akugwedeza mutu pomwe womasulira ankalangiza mzungu kuti, "Mkazi ndi ngati dimba, mdala, ukasiya kuthirira amathirira ena!"

M'mawa mwake anavala suti, nakwera minibasi kupita m'tauni. Anabwerako dzuwa lili paliwombo atanyamula maluwa. Vuto linali lakuti malo okhawo ogulitsa maluwa omwe Abambo ankawadziwa pa moyo wawo wonse ndi omwe mpingo unkagulako zamaliro. Anafika ndi nkhata yozungulira, yamaluwa oyera ndi ofiirira, yomangidwa bwino ndi riboni. Anayenda nayo kuchokera pasiteji mpaka kunyumba, ndipo amayi awiri a mumzere wathu anayamba kale kumanga zitenje m'chiuno kuwatsatira, akufunsana kuti kodi mayi aja atisiya.

Anaiika pamiyendo pa Amayi.

"Ndakugulirani."

Amayi anayang'ana nkhata, nayang'ana Abambo.

"Bambo inu, kodi ndafa?"

Ine ndinathawira kubafa. Ndinaluma thaulo kuti ndisamveke.

Abambo sanagwe ulesi. Anayesa kuphika phala, ndipo mphikawo tinautaya. Anayesa kuyimba pazenera la chipinda changa dzuwa likulowa, koma nyimbo zomwe ankadziwa zinali za m'buku la kumpingo zokha, ndipo yomwe inawabwerera inali yotsanzikana ndi womwalira. Galu anathandizira. Amayi anali mkati atagwira mimba, misozi ikutsika, koma potsegula katani nkhope inali itauma.

"Mawu muli nawo," anatero. "Mumayimba kwaya yakuti?"

Komabe zinthu zinayamba kusuntha. Lachisanu lina Abambo anagogoda pachitseko, ngakhale nyumba inali yawo.

"Mayi," anatero, chifukwa tsopano ankawatchula choncho, "ndimati mwina tikayende pang'ono. Tikadye tchipisi."

Amayi anavala diresi lomwe ankasungira maukwati, nadzola milomo ndi zodzola zanga. Anati ine ndiwaperekeze, poti mkazi wanzeru sayenda yekha ndi mwamuna yemwe wangomudziwa kumene. Ndinayenda kumbuyo kwawo mpaka pachiwaya cha kumsika. Ndinaona Abambo akupukuta benchi ndi mpango wawo kuti Amayi akhale. Ndinawaona akusankha nyama yopanda mafupa n'kuikankhira kumbali ya Amayi. Pobwerera kunayamba kuwaza, ndipo anavula jekete la suti n'kuwafunditsa kumutu. Sanathamange, mawondo awo sakanalola, koma ananyowa mpaka vesiti kuonekera.

Tikugona tsiku limenelo Amayi sanaseke. Anangoti, "Jekete lija amalikonda kuposa ana awo." Ndinawafunsa ngati achira tsopano. Anati ayi, mankhwala akamagwira ntchito sumasiyira panjira.

Apa ndi pomwe analakwitsa, chifukwa mbiri inali itafika kale ku Rumphi.

Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa Abambo, anatsika basi ndi thumba la nyemba ndi mfundo yomangamanga. Ndi munthu wamfupi, wamawu aakulu, yemwe sanakhulupirirepo kuti munthu angadwale popanda womudwalitsa. Asanakhale n'komwe pansi anayendera malo ochapira aja, nagwada, nanunkhiza ndere.

"Izi si ndere wamba," analengeza. "Munthu angaiwale bwanji mwamuna yekha, galu n'kumukumbukira? Apa pali dzanja la munthu."

Anali atamva kale m'basi za mneneri wina wa ku Mgona yemwe ankachotsa ziwanda pothira anthu madzi ozizira ndi kuwagwetsa pansi. Anati Lolemba m'mamawa tipite nawo Amayi kumeneko. Amayi amadana ndi madzi ozizira kuposa tchimo.

"Chirani lero," ndinawauza kuchipinda.

"Ndichire bwanji mlamu wanga atangofika? Anena kuti wandichiritsa ndi iye. Tidzamva mpaka kumanda."

Abambo nawo za mneneri sanazifune. Mkulu wa mpingo kukaoneka ku Mgona mkazi wake akugwetsedwa pansi, akanayang'ana bwanji anzake? Choncho anapempha abusa kuti abwere kunyumba Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi.

Abusa athu anali bambo wodekha, wokonda tiyi wamkaka. Tinakhala pabalaza: iwo, Azakhali, amayi awiri a kumpingo atavala zoyera, ine, Abambo, ndi Amayi atakhala pakona ngati mlendo. Atapemphera, abusa anati nthawi zina mtima umakumbukira zomwe mutu waiwala.

"Akulu a mpingo," anatero kwa Abambo, "tawafotokozerani mayiwa mmene munakumanirana. Yambani tsiku loyamba lenileni."

Abambo anatsokomola, navula magalasi. Nkhope yawo inafewa mwa mtundu womwe ndinali ndisanauonepo.

"Kunali ku Ekwendeni," anayamba, "pamsonkhano wa achinyamata. Munali mu kwaya, mzere wakutsogolo. Munavala diresi lachikasu."

Ndinaona chala cha Amayi chikugunda pabondo.

"Mutamaliza kuyimba ndinakutsatirani mpaka pamjigo. Ndinalibe mawu, ndiye ndinangokugulirani nzimbe. Munaseka, n'kunena kuti mano anu ndi osalimba, ndikusendereni. Ndinasenda ndi mano angawa. Tsiku limenelo ndinabwerera kwathu wapansi, koma sindinamve kutalika kwa njira."

Amayi a kumpingo aja anati, "Eee, zokoma." Abusa anamwetulira. Ine ndinadabwa kuti mawu otere ankakhala kuti zaka zonsezi.

Amayi anaimirira.

"Ekwendeni?"

Anatembenukira kwa Abambo.

"Ine ku Ekwendeni ndinapitako liti? Diresi lachikasu ndinavalapo liti ine, ndi khungu langali? Inu munandipeza pa Mponela, basi itafa, mvula ikugwa, mutanyowa ngati nkhuku! Ndinakubwerekani ambulera ya mayi anga, yakuda, yothyoka nthiti imodzi, ndipo mpaka lero simunabweze! Munandiuza kuti ndinu akulu a mu ofesi pomwe munali wotumidwa kukagula mabanzi! Nzimbe? Munandisenderapo nzimbe inu? Ndi ndani ameneyo?"

Azakhali, omwe sadziwa nthawi yokhala chete, anawomba m'manja.

"Aa, wachikasu uja! Si mwana wa aphunzitsi uja, woyera uja? Uja anakukana n'kukwatiwa ndi wamalole?"

"Anawakana?" Amayi anagwira m'chiuno. "Ndiye ine ndinatola zokanidwa?"

Abusa anaika kapu pansi mosamala, nakweza manja onse awiri.

"Abale, tiyamike. Mayi achira."

Anapemphera pemphero lalifupi kwambiri lomwe ndinawamvapo, natuluka tiyi osamaliza. Amayi a kumpingo aja anawatsatira akuthamangira kukafalitsa uthenga.

Mlandu womwe unatsala m'nyumba unali wovuta kuweruza, chifukwa aliyense anali wodandaula. Abambo ankati anamizidwa, achititsidwa manyazi pamaso pa abusa, ayenda ndi nkhata mumsewu ngati wamisala. Amayi ankati bodza lawo linali la masabata ochepa, pomwe Abambo anasunga mtsikana wachikasu m'mutu moyo wonse, iwo akuwachapira makolala.

"Ine ndinkangoyerekeza kuiwala," ankatero. "Inu munaiwaladi."

"Ambulerayo ndikuikumbuka," ankayankha Abambo.

"Inali yamtundu wanji?"

"Yakuda."

"Ndanena ndine pompano!"

Azakhali anakhala sabata imodzi akuyesa kuyanjanitsa, koma nthawi iliyonse akatsegula pakamwa ankawonjezera kanthu kena ka mtsikana uja, kuti ankaluka bwino, kuti anali ndi kampata m'mano. Pomaliza Abambo anawaperekeza okha kudepoti.

Amayi anapitiriza kugona kuchipinda kwanga, tsopano pa mlandu watsopano. Ndinatopa nawo, chifukwa amaliza mkonono ndipo amakoka bulangete. Ndinapita kwa Abambo, ndinawapeza pakhonde.

"Abambo, ndiuzeni zoona. Za ku Ekwendeni zija munasokonezadi, kapena munadziwa kuti Amayi akunama ndiye mumafuna kuwakola?"

Anatsitsa nyuzipepala pang'ono.

"Munthu woiwala mwamuna wake," anatero, "angathire bwanji shuga wokwana ndendende mu tiyi wa mwamunayo?"

"Ndiye munadziwa?"

"Sindinatero."

"Nanga wachikasuyo?"

"Iwe, ntchito ija wafunsira yafika pati?"

Ndinapita kukawauza Amayi kuti Abambo anadziwa chiwembu chonse kuyambira pa tiyi, ndipo nkhani ya nzimbe inali msampha chabe. Sindinali wotsimikiza, koma ndinkafuna bedi langa. Amayi anaganiza kwa kanthawi.

"Ndiye kuti ananyowa dala pamvula paja, akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndi nkhata ija?"

"Nkhata ija ndiye ayi, Amayi. Ija anaganiza okha ndi mtima wonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo ake anapinda bulangete lawo n'kubwerera kuchipinda kwawo.

Abambo sanasanduke mzungu wa mufilimu. Anapitiriza kutsokomola akafuna tiyi. Koma Lachisanu lililonse ankavala jekete n'kuima pakhomo, ndipo Amayi ankatuluka atadzola milomo, n'kupita awiri kuchiwaya, ine osaitanidwanso. Tsiku lina anabwera kuchokera m'tauni ndi nzimbe yaitali, nakhala pakhonde n'kuyamba kuisenda ndi mano. Dzino limodzi la kutsogolo linatsalira momwemo. Amayi anadya nzimbeyo yonse, osagawira aliyense, kenako anawaperekeza kokachotsa chitsa cha dzinolo.

Nkhaniyi inazungulira Area 25 yonse, ndipo azimayi ambiri ankabwera kudzabwereka fulashi ija. Mmodzi mwa iwo anali mayi wa nyumba yoyang'anizana ndi yathu, yemwe mwamuna wake anali makaniko wokonda mowa. Iye sanadikire ngozi yeniyeni. Anadzigwetsa yekha pakhomo la khitchini Lachisanu masana, mwamuna akubwera kudzadya, n'kugona pansi maso ali tseke. Atamuthira madzi anadzuka, nayang'ana mwamuna wakeyo mwachilendo.

"Kodi inu ndinu ndani?"

Makaniko uja anayang'ana mkazi wake, nayang'ana anthu omwe tinathamangirako. Anavula kapusi mwaulemu.

"Pepani mayi, ine ndimangodutsa. Ndimafunsa njira ya ku Chinsapo."

Anatuluka pageti akuyimba mluzu, ndipo anabwerako Lolemba.